Kadontho ka a Tirval

Malemu a Tirval Mouat ankajambula zithunzi pokhapokha kunja kukaipa. Dzuwa likawala, kamera inkagona m'kabati, eni ake n'kumadandaula kuti lero kulibe choona. Koma mphepo ikangoyamba kulira m'mawaya, tinkawaona akutuluka atavala majuzi atatu, kamera m'khosi, choimikira chake cha miyendo itatu paphewa, ulendo wa kuphiri la kuseri kwa nyumba yawo.

Pachilumba chathu kuno ku Shetland, kumpoto kwa Scotland, tinasiya kalekale kumvera zanyengo pa wailesi. Wina akangoti, "A Tirval akwera," amayi ankathamangira kukaanula zovala, amuna kukamanga maboti. Woyendetsa pantoni ankayamba wayang'ana kuphiriko asanalize injini. Tsiku lina a Tirval anangokwera kukasaka chipewa chawo chimene chinauluka dzulo lake, ndipo sukulu inaweruka isanakwane teni koloko.

Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: chithunzi chawo chilowe mu kalendala ya pachilumba, imene komiti ya holo imasindikiza chaka ndi chaka. Miyezi ilipo khumi ndi iwiri, iwo ankangopempha umodzi. Ine ndinali mlembi wa komitiyo, choncho ndisaname, ndinawakana nawo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

Nanga tikanatani? Zithunzi zawo zonse zinali mbuu. Wapampando wathu, a Gibbie Halcrow, ankazitembenuza uku ndi uku kufuna kudziwa kumwamba kwake.

"Apa n'chiyani, a Tirval?"

"Katumbu akudya nkhanu."

"Ali kuti katumbuyo?"

"Kuseri kwa nkhunguyo. Mukanabwera nawo mukanamva fungo lake."

"Nanga ichi?"

"Kuwala kobiriwira kuja kumavina kumwamba nthawi yachisanu. Kunavina mpaka mbandakucha, kafunseni a ku Norway."

"Ife tikuona mitambo."

"Inenso ndinaona mitambo. Mukufuna ndizijambula zimene sindinaone?"

A Halcrow ankafuna maluwa, nyanja yabata ndi timbalame ta milomo yofiira tija alendo amatifera. Kuno dzuwa limatiyendera mwina masiku anayi pachaka, koma mu kalendala yathu linkawala ngakhale mu Januwale. A Tirval ankaitsegula pang'onopang'ono pamaso pathu n'kufunsa, "Dziko lokongolali lili kuti, abale? Ndikufuna ndikaliwoneko ndisanafe."

Ndiye panali kadontho. Pa chithunzi chilichonse, pansi chakumanzere, pankakhala kadontho kachikasu ngati mutu wa singano. Tinagwirizana kuti ndi fumbi la pagalasi la kamera, ndipo chaka chilichonse tinkawapepesa ndi kansalu kopukutira galasi, kokulunga bwino m'pepala la mphatso. Iwo ankalandira ndi manja awiri n'kunena kuti, "Zikomo, koma galasi langa ndi loyera kuposa mitima yanu." Akazi awo, a Osla, analumikiza tinsaluto n'kusoka pilo wa mphaka.

A Tirval anamwalira mu Juni, tsiku la dzuwa, atakhala pampando wawo. Ena amati anaona kuti kulibe chodzukira. Pamaliro a Halcrow analira kuposa abale, nalengeza kuti Januwale wa chaka chotsatira ndi wa a Tirval. Tonse tinagwedeza mitu. Paja ife timadziwa kukonda munthu akalowa m'bokosi.

Tinasankha chithunzi cha namondwe wina n'kuchitumiza kwa osindikiza a kumtunda, ku Scotland. Makalendala mazana anayi anabwera pa pantoni ndi kakalata kaulemu kakuti pa tsamba la Januwale anapezapo kafumbi, ndipo akachotsa mwaulere. A Halcrow anakondwa kwambiri, akuti awa ndiye anthu odziwa ntchito. Yoyamba anandituma kuti ndikapereke kwa namfedwa.

A Osla anavala magalasi n'kuliyang'ana tsambalo nthawi yaitali.

"Nyale yanga ili kuti?" anandifunsa.

"Nyale iti, mayi?"

"Ya pazenera la kukhitchini. Bambo akakwera ndinkaiyatsa kuti aone njira yobwerera. Tinapangana kuti akaisowa m'kameramo, ndiye kuti apita patali, atembenuke. Sanajambulepo chithunzi nyaleyo isakuoneka." Anavula magalasi aja. "Zaka zonsezi inu mumayesa amajambula nkhungu?"

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Mphaka anali gone pa pilo uja, akundiyang'ana.

M'mawa mwake a Osla anafika ku holo ndi cholembera chachikasu. Sanakalipe, anangopempha mpando. A Halcrow anayamba kufotokoza kuti zosindikizidwa kale sazilembalemba.

"Gibbie," anatero mayiwo, "ndinakusintha matewera ine. Tsegula Januwale."

Wapampando anatsegula Januwale kokwana mazana anayi, a Osla akubwezera kadontho, ine ndikuuzira inki kuti iume. Tinamaliza kutada. Alendo amene anagula kalendalayo ena anaibweza, akuti mwana analembamo. Koma ana a pachilumba pano amene ali ku Canada ndi ku Australia analemba makalata opempha ina, akuti aka n'koyamba kuona kwawo pakhoma.

Nyengo yachisanu yoyamba popanda a Tirval tinaona zakuda. Mkuntho unkangofika osaodira. Mashiti a abusa anauluka n'kukapezeka pachilumba china, ndipo pantoni inanyamuka tsiku lolakwika n'kubwerera anthu onse atawerama pa ndowa. Tinabwerera ku wailesi, koma wa pawailesi sanakwerepo phiri lathu.

Kenaka wina anazindikira kuti mphepo isanayambe kulira m'mawaya, pazenera la kukhitchini kuja pamakhala patayaka kale. Zaka zonse zija mayiwo anaphunzira kununkhiza namondwe limodzi ndi amuna awo, ndipo dzanja silinaiwale. Masiku ano timati, "A Osla ayatsa," n'kuthamangira zovala ndi maboti ngati kale. Tikamaliza kumanga zonse timayang'anabe kuphiri, ngakhale tikudziwa kuti kulibe wotsika.