Mbatata za Duwa la Kambuku

Pulani inabadwira pa masese ku Chipoka, ndipo mzamba wake anali Yamikani, yemwe ankadzitcha Pulofesa chifukwa anakhalako Mzuzu miyezi iwiri.

"Aise, tsegulani makutu," anatero. "Kwa Mayi Layla ku Senga Bay kuli duwa lachikasu la mawanga ngati kambuku, lomera pamwamba pa mgwalangwa. Okidi! Azungu amabwera pandege kudzangolijambula."

"Ndiye tikwera mgwalangwa?" anafunsa Shukuru, msodzi wotchedwa Kampango yemwe bwato lake linawola. Iye ankamwa thobwa, mtima ukumuuza kuti apite kwawo.

"Umbuli, Kampango! Ku Mzuzu ndinadya chinaka, chimapangidwa ndi timbatata ta okidi. Chuma chili pansi. Duwa lili m'mwamba chonchija, mbatata yake ingachepe dzungu? Mzu umatsika m'kati mwa thunthu."

Mayamiko, wa kabaza wotchedwa Buleki, anawomba m'manja. "Sukulu ndi yabwino, biggie."

Anasankha Lachisanu masana, mlonda wa mayiwo, Mustapha, ali ku mzikiti ku mapemphero a Juma. Shukuru anadziwa kuti nayenso amayenera kukhala komweko, koma anasenza fosholo.

Duwalo linali lotsala lokha. Anzake anapita ndi migwalangwa yomwe anthu anagwetsa, ndipo Mayi Layla ankalisamala ngati khanda, kutunga madzi kunyanja pamutu kuti azithirira timphukira take tomwe anamangirira pa zitsa.

Atangobaya khasu patsinde, mayiwo anatulukira.

"Salaam aleikum, bambo. Tikuthandizeni?"

"Ndife oyeza nthaka, mayi," anatero Pulofesa, akukonza magalasi opanda diso limodzi.

"Tikufuna mbatata za duwa," anawonjezera Buleki, yemwe pakamwa pake panalibe buleki.

Mayi Layla anayang'ana duwa m'mwamba, nayang'ana khasu pamizu. Anali okha pakhomo. Milomo yawo inagwedera pang'ono ngati akupemphera.

"Mukakumba patsinde, mtengo ukugwerani," anatero mofatsa. "Sunthirani apo."

"Ndimati ndinene zomwezo," anayankha Pulofesa. "Mbatata imathawa mthunzi."

Anakumba. Mchenga wa ku Senga Bay sukana munthu. Dzenje linafika m'chiuno, kenako m'khosi.

"Biggie, palibe kanthu."

"Chinthu chodula sichikhala pamwamba. Kumba!"

Mayi Layla anabwera ndi tiyi ndi zitumbuwa, nawatsitsira mu ndowa ya chingwe. Kapu ya Shukuru anaiika chogwirira chikuyang'ana kwa iye, poona kuti manja ake achita matuza. Kanthu kakang'onoko kanamulasa.

"Ndowayo muzikwezeramo mchenga," anatero mayiwo. "Ine ndizikhuthula."

"Mwaona?" ananong'ona Pulofesa. "Tikumubera, yekha akutithandiza."

Dzuwa litapendeka, fosholo ya Buleki inalira fwaa. Pansi panayamba kunyowa.

"Thukuta la mbatata!" anakuwa Pulofesa. "Tafika!"

Thukutalo linakwera mpaka m'mawondo. Apa ndi pomwe Shukuru anayang'ana kumwamba. Thambo linali litachepa ngati mbale, ndipo onse atatu anali pansi. Pa pulani yonse ija, palibe anatchulapo makwerero.

Buleki anakwera pamapewa a Shukuru, Pulofesa pamapewa a Buleki. Khoma la mchenga linagumuka, onse phuvu m'madzi.

Pakamwa pa dzenje panaoneka nkhope ya Mustapha, kenako nkhope za theka la mzikiti lomwe iye anakaitana, pomaliza chipewa cha wapolisi.

"Shukuru, pamzere wako panali mpata lero," anatero Mustapha. "Kani umaswalira pansi pa nthaka?"

Shukuru anabisa nkhope.

"Duwa ili lilibe mbatata, ana anga," anatero Mayi Layla. "Mizu yake ndi yomwe mukuiona m'mwambayo. Limamwa mame ndi mvula basi."

"Mabuku amasiyana," anang'ung'udza Pulofesa, akulavula mchenga.

Wapolisi anatsitsa makwerero ali ndi unyolo m'manja. Mayi Layla anasuzumira madzi aja nthawi yaitali.

"Zaka zinayi ndakhala ndikupempha Mulungu chitsime," anatero. "Sindinamuuze oti atume. Bwana, musanawatenge, bwanji amalize tiyi wawo?"

Khothi linawapatsa ntchito yothandiza anthu: kuwaka njerwa m'chitsimemo. Shukuru atamaliza masiku ake sanachoke. Ndiye amathirira timphukira, ndipo alendo akafunsa amene anakumba chitsime, amaloza mgwalangwa n'kuyamba kukamba za duwa.