Lamba Paphewa, Pakhosi Iyayi

Pa Nsanama panalibe munthu wamfupi amene malemu a Esau Makwinja sanamuyeze. Ukangotsika m'galimoto pafupi ndi pamene ankawotchererapo zitsulo, ankasiya ntchito n'kukuthamangira ndi chingwe chawo cha mfundomfundo. Moni ankabwera pambuyo. Funso loyamba linali lakuti, "Mukakhala kutsogolo, lamba amakudutsani pati?" Ine anandiyeza kanayi konse, ngati kuti munthu wa imvi angatalikenso.

Matendawa anawayamba chaka chimene anagula kagalimoto kakale ku Balaka. Akazi awo, mayi Nelia, anali aafupi moti akakhala pampando wakutsogolo, anthu panja ankangoona duku likuyenda. Iwo m'katimo ankaona mitambo ndi nsonga za mitengo basi. Tsono kwathu kuno munthu akakukwezera dzanja umabweza. Amayi anzawo a kutchalitchi ankakweza manja m'mbali mwa msewu, duku n'kungodutsa, zii.

"Galimoto yawalowa m'mutu," anayamba kunong'onezana. Pamaliro ena kwa Kawinga, mayi Nelia atapita kukathandiza kuphika, anauzidwa kuti akakhale pamthunzi, utsi ungawadetsere zovala za m'galimoto. Anabwerera kunyumba akulira. Mzimayi akakanizidwa kugwira mthiko pamaliro, ndiye kuti anzake amutaya.

A Esau anaganiza mwachangu, ndipo anaganiza molakwika. Anaika thumba la mpunga wa ku nyanja ya Chiuta pampando n'kukhazikapo akazi awo. Tsiku loyamba mayi anapatsa moni ngakhale mbuzi. Tsiku lachiwiri mbuzi ina inadumphira mumsewu, a Esau n'kuponda buleki. Thumba linatereleka, mayi n'kulowa pansi, lamba n'kuwakola pakhosi. Anatupa sabata yathunthu, ndipo miseche inawonjezera mutu wina: akuti a Esau ayamba kukanyanga akazi awo.

Bambo aja anatseka ntchito masiku atatu. Anamasula mpando wonse, n'kudula zitsulo zochindikala, n'kuziboola, n'kuzimanga pansi pa mpando ndi mabawuti aatali olimba. Anaugwedeza mpandowo mpaka thukuta kamukamu, koma sunasunthe. Pansi anamangirira kathabwa koti mapazi azipondapo. Pakati pa duku ndi denga anasiyapo malo olowa chibakera.

"Make Willard, mukuona chiyani?"

"Ndikuona galasi."

"Kupyola galasilo!"

"Ndikuona make Emmie akundiyang'ana ndi diso loipa."

"Akwezereni dzanja msanga! Nanga lamba ali pati?"

"Paphewa."

Lamlungu lotsatira anazungulira msika katatu pa liwiro loti nkhuku inkawapitirira. Mayi Nelia anakweza dzanja mpaka linachita dzanzi. Pamaliro otsatira anawapatsa mphika waukulu kuposa yonse.

Munthu wina akanalekera pomwepo. A Esau ayi. Analengeza nkhondo yolimbana ndi chilichonse chimene munthu wamfupi amakhalira m'galimoto. Tsiku lina anaima pakati pa msewu n'kuimitsa Che Mahmudu, amene ankanyamula anthu pakati pa Liwonde ndi Nayuchi. Kutsogolo kunali apongozi awo a Che Mahmudu, atakhala neng'a pa kireti ya zakumwa.

"Che Mahmudu, apongozi anuwa anakulakwirani chiyani?"

"Iyayi, a Makwinja, ndawakweza kuti aziona njira."

"Mukaponda buleki aiona pafupi kwambiri njirayo. Atsike!"

Okwera anadikira maola awiri akutukwana, koma gogoyo anachoka pamenepo atakhala ngati bwana wa ku boma, ndipo mpaka lero amakana kukwera galimoto ina.

Ine a Esau anandilanda pilo. Ndinkauika pampando wa galimoto ya mlamu wanga tikamapita ku Balaka, ndipo unali wabwino, wa thonje lenileni.

"Pilo ndi wa mutu, achimwene, osati wa kumene mwauikako."

Anauponya pamwamba pa denga la shedi yawo, pamene panali kale mapilo ena ambiri olandidwa, atasuluka ndi dzuwa. Ndinakwiya mwezi wathunthu. Kenako anandikonzera mpando, ndipo ndinazindikira kuti zaka zonsezi ndinkadutsa pa mlatho wa Liwonde osadziwa kuti mvuu zimaoneka uli m'galimoto.

Ngakhale abambo a parishi sanapulumuke. Anali aatali bwinobwino, koma a Esau anawayezabe, akuti ukalamba umafupikitsa munthu ndipo ndi bwino kukonzekera.

A Esau anatisiya dzinja lathali, atadwala masiku ochepa chabe. Willard, mwana wawo, akuti mawu omaliza omveka anali okhudza bawuti ina yofunika kuilimbitsa. Pa tsiku loika maliro panabwera magalimoto ambiri, ndipo pampando wakutsogolo uliwonse panali munthu wamfupi wooneka nkhope yonse, lamba ali paphewa. Tinaseka titaona zimenezo, kenako tinalira koposa.

Masiku ano mapilo ayambanso kubwerera m'magalimoto, ndipo palibe woimitsa munthu pamsewu. Ndimawasowa a Esau, ngakhale pilo wanga anapita nawo osandibwezera. Kagalimoto kaja kadakalipo. Willard amawatenga amayi ake Lamlungu lililonse, ndipo iwo amakweza dzanja kwa aliyense, kuyambira pakhomo mpaka kutchalitchi. Koma akamafika pa shedi yotsekedwa ija, dzanja limatsika. Anandiuza okha tsiku lina kuti, "Achimwene, bambo aja anandikweza kuti ndiziona zonse. Pamalo pokhapa m'pamene ndimalakalaka mpandowu ukanakhala wotsika."