Dzina la Ezzat pa chimbale

Inu, tamverani za mlamu wanga Ezzat, munthu wovala magalasi akuda ndi m'bafa momwe. Ameneyu anadwala matenda a jazi. Osati jazi yovinika ayi! Gulu lake lapamtima, Mphaka Wonyowa, limaimba ngati abakha akukangana m'thumba. Walipenga amangoti fwiii! kenako zii, mpaka tiyi kuzizira. Ezzat maso ali tsinzi, mutu gwedegwede.

"Shaaban, ukumva kuzama?"

"Ndikumva njala, alamu."

Khumbo lake linali limodzi: dzina lake limveke pa chimbale chawo. Ndiye anawapatsa denga lafulati la nyumba yathu yosanja m'dera la Shubra kuti ajambulirepo pamaso pa anthu Lachisanu masana, iwo n'kulonjeza kuti pakakhala bata adzamutchula pothokoza. Bata analifunafuna mlamu wanga! Wogulitsa malalanje anamuthamangitsa, nkhunda za aneba anazitsekera, ngakhale tambala anamunyengerera.

Paja ine ndimagulitsa gasi. Woimba ng'oma ataona silinda yanga ya gasi pamasitepe, maso ake gwa!

"Achimwene, tandibwerekani imeneyo, ndi sipanala yomwe."

Ndinati, "Alamu, musalole."

"Iwe sukulu unathawira pawindo, luso ungalidziwe?"

Chabwino. Wosamva anamva sipanala ili m'mutu.

Tsiku linafika. Alendo ovala masikafu dzuwa likuswa mtengo anakhala phee. Wang'oma uja anakweza sipanala: ngwe-ngwe! ngwe-ngwe-ngwe! Inu, ndendende mmene ndimamenyera ine mumsewu poitana ogula! Mawindo a Shubra yense anatseguka kamodzi.

"Wagasi! Dikira!"

"Kuno, nsanjika yachinayi!"

"Uli kuti, mwana wa galu iwe?"

Ezzat anayera ngati mchere. Koma mvula inali isanagwe. Chitseko cha padenga chinati gubudu! Analowa Make Sameh a pansi pathu, mayi amene mawu awo amaimitsa basi, silinda yopanda kanthu ili pamutu. Gasi anali atawathera ndiwo yamasamba ya molokiya ili pamoto, apongozi ali pamphasa.

"Ezzat, bulu iwe! Nsanjika zisanu ndi imodzi ndakwera ndi mawondo angawa, kuti ndipeze ndevu zikusewera ndi gasi?"

"Mayi, chonde, tikujambula..."

"Jambulani! Ezzat, mutu ngati chivwende chowola!"

Walipenga anawayankha: pwaaa! Iwo n'kumutukwana, iye pwaaa-pwii! Wang'oma n'kulowerera. Amasikafu anaimirira, m'manja phaphapha, wina mpaka misozi: "Uku ndiye kuimba!"

Chimbale chinatuluka. Pothokoza anatchula Make Sameh, silinda, ndi sipanala yanga. Ezzat ayi, poti bata panalibe. Koma dzina lake likumveka, inu, ndinawerenga ndekha: kakhumi ndi kamodzi!

Ndiye mukabwera kwathu adzakukhazikani pansi n'kukuyatsirani chimbalecho. Pakamveka "Ezzat, bulu iwe!" iye maso tsinzi, mutu gwedegwede.

"Shaaban, ukumva kuzama?"

"Apa pokha, alamu, ndikumva bwinobwino."