Mpanda Wokula Chotsika

Pamudzi pathu panalibe amene sankadziwa kuti mpanda wa malemu a Anselmo unkakula chotsika. Ee, chotsika! Zitsamba za anzawo zinkakwera, zawo chaka ndi chaka zinkafupika ngati kandulo ya m'tchalitchi.

Anaubzala m'malire ndi a Deolinda, mayi wamasiye wa khomo loyandikana nalo. Utangogwira, anakoka chingwe n'kudula timitengo tonse pakati.

"Mwabzala dzana, lero mukupha?" anafunsa a Deolinda akuthirira kabichi.

"Mpanda wanthete umafuna kudulira, mayi, kuti uphukire m'munsi. Mukaumvera chisoni umangokula miyendo ngati kakowa."

Sananame ayi. Koma zaka khumi ndi ziwiri zinadutsa, mpanda udakali wanthete! A Firmino ometa tsitsi, adazi aja, ankawagemula pomwa vinyo.

"Achimwene, chaka chamawa tidzachita kuukumba ngati mbatata!"

"Ine ndikameta zimaphukanso. Nanga mutu wanuwo?"

Chilungamo chake, a Anselmo ankawakonda a Deolinda koopsa, kungoti pakamwa panali polemera. M'mawa uliwonse, nkhungu ikamayandama m'minda ya mphesa, ankaima ndi chisizasi chawo kudikira kuti mpango wakuda wa mayiwo utulukire pamwamba pa masamba. Nkhope ikangooneka, mawu onse balala.

"Lero igwa mvula, mayi."

"Igwe, bambo."

Basi, tsiku latha, mkulu uja n'kumaimba mluzu mpaka madzulo.

A Anselmo anamwalira nthawi yokolola zipatso za maolivi. Mudzi unangoti zii, kusowa kuti kwete kwete kwa chisizasi chija. Mpanda unapeza ufulu, unakwera mpaka a Deolinda sankaonanso ngakhale denga la anzawo, ndipo zinawapweteka kuposa mmene ankayembekezera.

Tsiku lina anazungulira mbali ya malemuwo kuti akaudulire okha. Pansanamira pomwe a Anselmo ankamangirira chingwe anapeza timizere khumi ndi tiwiri tocheka ndi mpeni, kalikonse m'munsi mwa kanzake. Anatsamira nsanamirayo kuti apume, poti msana unali utapindika ndi ukalamba. Kamzere komaliza kanali ndendende pachibwano chawo. Ndiye kuti mpandawo unkatsika motsatira msana wawo kuti nkhope yawo izionekabe.

"Chitsiru cha munthu," anatero misozi ili mbwee. "Osangonena bwanji?"

Anamanga chingwe pomwepo n'kudula. Mpaka lero, m'mawa nkhungu isanachoke, mudzaona mpango wakuda pamwamba pa masamba, nkhope itayang'ana pabwalo lopanda munthu.

"Lero igwa mvula, bambo."