Tsiku limene ndinakwirira ng'ombe ya apongozi

Nkhani iyi ndikaikumbukira ndimaphimbabe kumaso, ngakhale pano mutu wonse ndi imvi.

Anali masiku a Chitaganya, nditangolowa chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Nsaru. Mkamwini watsopano mukumudziwa, amafuna mudzi wonse uone kuti ndi wakhama. Apongozi anga aamuna anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni, ndipo anabwerako ndi chizolowezi chotola chilichonse chadzimbiri: makasu akutha, zitsulo za njinga, miphika yobooka.

Tsiku lina atapita kukagulitsa fodya, ndinapeza zitsulo zija zitayalidwa pansi kuseri kwa nkhokwe. Mumtima ndinati, pakhomo pa munthu wolemekezeka pazikhala chonchi? Ndinazituta zonse n'kukaziponya m'dzenje limene tinkakumba la chimbudzi (mwayi wanga, linali lisanayambe ntchito yake). Ndinathira dothi, n'kusesa, kenako ndinakhala pakhonde kudikira kuyamikiridwa.

Apongozi atabwera ndinawamva akufunsa mkazi wanga, Naphiri: "Kodi ng'ombe yanga ili kuti?"

Sindinadikire kutumidwa. Ndinathamangira kudambo (osakumbuka n'komwe kuti pakhomopo panalibe khola), n'kubwerako ndikukusa ng'ombe yoyamba imene ndinakumana nayo, mwini wake akulalata m'mbuyo mwanga.

"Inu, bwezani ya eni akeyo," anatero Naphiri monong'ona. "Imene akunena bambo ndi zitsulo zija. Anaziyala dala, chilichonse pamalo pake."

Azakhali a Naphiri anayamba pomwepo kunena kuti mwamuna wotere abwerere kwawo. Koma apongozi sanakalipe. Anangoti, "Akamwini, poti mwakwirira ndinu, mufukulanso ndinu."

Ndinafukula masiku awiri. Kenako anandikhazika pambali pawo kuti ndiziwagwirira uku iwo akumanga ndi waya. Makasu aja anasanduka nthiti. Mahandulo a njinga anakhala nyanga, tcheni kukhala mchira, ketulo yobooka kukhala bere. Pamaso anaikapo matako a mabotolo. Atapota waya womaliza pakhosi, mutu unapendekera pang'ono ngati ng'ombe yamva mluzu wa mbusa. Ndinaiwala kuti ndine ndinanyamula zidutswazo. Ndinkayembekezera kuti ipuma.

Apongozi aakazi atatuluka m'nyumba anagwira pakamwa. "Mayo, uyu si Mawanga uyu?" Imeneyo inali ng'ombe yawo imene inafa amuna awo ali ku Joni, osaionanso.

Ndinalimba mtima n'kufunsa: "Bambo, munaiona bwanji m'zinthu zotayidwa zija?"

"Ndinaiweta kuyambira ili kamwana," anatero. "Nthiti zake ndikuzidziwa."

Anthu ankachokera mpaka ku Kabudula kudzaiona, ndipo za kundithamangitsa zinathera pomwepo, chifukwa apongozi ankauza aliyense kuti tinamanga awiri.

Mawu amenewo ndi amene anandipusitsa. Ndinadziona mmisiri, n'kuyamba kutola zitsulo zanga. Mwezi wathunthu ndinali kuseri kwa nyumba kumanga mbuzi. Nditamaliza ndinaitana Naphiri, mtima uli m'mwamba. Anaizungulira kawiri, n'kuigwedeza kuti aone ngati yalimba.

"Mwachita bwino," anatero. "Tinalibe poyanika mbale."

Tinayanikapo mbale zaka zinayi, ndipo sindinamuuze kuti inali mbuzi.