A Aloysius, Tcheya Wotula Pansi Udindo

Aliyense amene anakhalapo mu fulati ya Amalawi ija ku Berea, m'dziko la eni, ya nsanjika zisanu ndi ziwiri imene lifiti yake inafa kalekale, akudziwa kuti a Aloysius ankatula pansi udindo mwezi uliwonse. Anali tcheya wa komiti ya anthu okhala m'nyumbayo kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo Elia, amene anali mlembi wawo, anawamva akutsanzika mpaka anasiya kulemba.

Zinkayenda chonchi. Loweruka loyamba la mwezi anthu ankakumana padenga, pakati pa zingwe zoyanikira zovala. Nkhani ikafika pa zinyalala, aliyense n'kumakana kuti sabata ino si yake, a Aloysius ankaimirira pang'onopang'ono, n'kuvula chipewa, n'kuika makiyi a denga pa kireti imene inali tebulo la msonkhano.

"Abale anga, ndakalamba. Sankhani wina."

Pompo mayi Rukiya, ogulitsa magwinya, mandasi a kumeneko, pageti, ankagwira kumutu. "Abambo, mutisiyira ndani?" Ena n'kuwagwira mkono, ena kuwavekanso chipewa. Iwo ankakana katatu, osapitirira, kenako n'kutola makiyi aja ngati akunyamula thumba la simenti. Zikatero nkhani ya zinyalala inkadutsa popanda wotsutsa.

Tsiku lina akutsika masitepe Elia anafunsa, "Nanga akadzavomera, madala?"

"Mphwanga, ukakhala pampando osasuntha, anthu amayamba kuona mpando, iwe osakuonanso. Uziimirira kuti akumbukire kuti pali munthu."

Ndale zawozo ankati anaziphunzira m'sukulu ziwiri: ku mgodi ali mnyamata, ndi m'gadeni ya bwana wina ku Sandton kumene ankadulira maluwa. Azimayi awiri atamenyanirana chingwe choyanikira, iwo sanaweruze. Mmodzi anamuika kukhala nduna ya zingwe za kum'mawa, winayo ya kumadzulo, ndipo onse anatsika akumwetulira ngakhale zingwezo zinali zinayi basi. Ndiye panali Julius, wopenta nyumba, amene ankatsutsa chilichonse ngakhale pemphero lotsegulira. A Aloysius anamugulira vesiti yowala ndi wezulo, n'kumutcha mkulu wa chitetezo.

"Wolongolola um'patse wezulo," anamunong'oneza Elia. "Pakamwa pamodzi sipagwira ntchito ziwiri."

"Koma si chinyengo chimenechi?"

"Ndi chinyengo ndithu. Funso n'lakuti chikudyetsa ndani. Changa chimatulutsa zinyalala panja. Zotsalazo ndidzakambirana ndi Mulungu, nayenso amalamulira anthu ovuta."

Lamulo limene Elia ankadana nalo linali lakuti nkhani yoipa imapita ndi mlembi, yabwino amanena tcheya. Madzi akati atseka masiku atatu, Elia ndiye ankagogoda khomo ndi khomo, n'kulandira mawu onse amene anthu amasungira landilodi. Madzi akabwera, a Aloysius ankayenda m'makonde manja kumbuyo, ngati awatunga okha. Zaka zisanu ndi ziwiri Elia anameza zimenezi, mpaka anayamba kuganiza kuti maphunziro wamaliza.

Sanachite phokoso. Anayendanso khomo ndi khomo, koma ulendo uno ndi nkhope yachifundo.

"Madala atopa zenizeni," ankatero. "Mwaona mmene akupumira pamasitepe? Tikamawakakamiza chonchi, tikuwapha ndife."

Loweruka linafika. Nkhani ya zinyalala inabwera, chipewa chinavulidwa, makiyi anagwera pa kireti.

"Abale anga, ndakalamba. Sankhani wina."

Panali zii. Kunkangomveka mahutala a matakisi pansi kumsewu. A Aloysius anatsokomola, poganiza kuti mwina mphepo yatenga mawu.

"Ndati ndakalamba."

"Tamva, abambo," anatero mayi Rukiya, misozi ili m'maso. "Mwatigwirira ntchito. Kapumeni."

Anthu anawomba m'manja mwachikondi chenicheni. Julius analiza wezulo, n'kutchula dzina la Elia, ndipo manja anakwera. A Aloysius anakhala chiimire pang'ono, kenako anavala okha chipewa chawo. Podutsa pafupi ndi Elia anawerama.

"Ntchito yaukhondo, a Tcheya. Sindinamve ngakhale phazi limodzi."

Ananena mosakwiya, ngati mphunzitsi wokondwa ndi mwana wokhoza mayeso, ndipo n'zimene zinam'pweteka Elia. Maso ake anangokhala pa kireti.

Ulamuliro watsopano unayamba ndi mapepala. Elia anamata malamulo pa nsanjika iliyonse, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Anatsekera denga loko watsopano. Maudindo a nduna za zingwe anawathetsa, ponena kuti ndi masewera, ndipo sabata yomweyo azimayi aja anagwirananso m'makosi. Julius atalandidwa wezulo anapeza kuti pakamwa pake pali ndi mpata wambiri.

Chimodzi chokha chinkayendabe bwino: chimbudzi cha pa nsanjika yachitatu, chimene aliyense ankadziwa kuti paipi yake ndi yoipa, sichinkatsekeka. Elia ankati ndi mphamvu ya mapepala ake.

Lamulungu lina m'mawa, atavala suti akupita ku tchalitchi, anamva chitsulo chikukanda m'chimbudzimo. Atakankha chitseko anapeza a Aloysius atagwada pa katoni, malaya atapinda, dzanja lili m'paipi mpaka m'chigongono.

"Madala, mukutani?"

"Ndikulamulira."

"Mwayamba liti zimenezi?"

"Chaka chimene anandisankha. Chikatsekeka ichi, nsanjika zitatu zimadana, ndipo palibe msonkhano ungaziyanjanitse." Anatulutsa waya, n'kumuyang'ana Elia kuchokera pansipo. "Iwe unaphunzira za padenga, mphwanga, ndipo unakhoza. Za pansi pano sunafunsepo. Koma usauze anthu. Tcheya wonunkha samupempha kuti akhalebe."

Elia anayang'ana manja a suti yake. Akanatha kuvula jekete, kukoleka pa msomali umene unali pomwepo, n'kuwagwirira ndowa. Anayang'ana wotchi m'malo mwake, n'kunena kuti akuchedwa mapemphero. Ku holo kumene mpingo wawo umakumana anaimba nyimbo zonse, koma sanamve liwu ndi limodzi lomwe la ulaliki.

Kuyambira tsiku limenelo Elia ankawazemba a Aloysius. Akamva kutsokomola kwawo pamasitepe, ankabwerera m'chipinda ngati waiwala foni. M'nyengo yozizira ya mu June chifuwa chinawagwira kwenikweni, n'kuwagoneka m'chipatala. Elia anati akawaona Lamulungu. Lamulungu litafika anati linalo. A Aloysius anamwalira Lachinayi.

Mayi Rukiya, amene ankapita ndi phala kuchipatala tsiku lililonse, anamuimitsa Elia pageti.

"Ankakufunsani, a Tcheya."

"Anati chiyani?"

"Anati ndikuuzeni kuti paipi ija imafuna waya wopinda kunsonga, osati ndodo. Akuti ndodo imangokankhira vuto kwa a pansi."

"Basi?"

"Anatinso musadandaule, munthu sapepesa chifukwa chopambana chisankho."

Tsiku limene maliro ankanyamuka kupita kwawo ku Chiradzulu, Julius anauza khamu kuti malemuwa anasiya mwana wawo wa m'ndale, amene anawakonda mpaka kuwapumitsa. Anthu anatembenukira kwa Elia kuti alankhule. Iye anatsegula pakamwa, n'kungoti, "Ayende bwino," ndipo onse anaganiza kuti ndi chisoni chamutsamwitsa.

Masiku ano misonkhano ya padenga imatha m'mphindi khumi ndi zisanu. Palibe wolira, palibe woseka, ambiri amakhala maso pa foni, ndipo ena anasiya n'kukwera komwe. Mayi Rukiya anamata chithunzi cha a Aloysius pakhoma la pageti, pamwamba pa malamulo a Elia. Alendo ongofika kumene kuchokera kumudzi, zikwama zili m'manja, amafunsa kuti agogowa ndani.

"Funsani a Tcheya," amatero mayiwo. "Ndi amene ankawadziwa bwino."

Elia amati adzawafotokozera tsiku lina akadzapeza nthawi, n'kukwera masitepe mofulumira kuposa mmene mawondo ake amafunira.