A Taliyana a ku Bwanje ndi Mbalame za mu Mpunga

Amene anakhalako ku Bwanje zaka zapitazi akudziwa kuti malemu a Fyson Ngozo munkayamba kuwamva musanawaone. Kunkayamba kumveka mzungu akulira chapatali ndi mawu osasa ngati wameza mchenga, kenako magitala, kenako njinga yakapalasa ikutulukira m'mbali mwa ngalande, wayilesi ya kaseti itamangidwa ndi mphira pa handulo. Pamwamba pa zonsezo panali eni ake, diso limodzi atatsinzina chifukwa cha kukoma kwa nyimbo, linalo likuyang'anira msewu. Dzina lawo lenileni linangotsala m'kaundula wa kutchalitchi. Chigwa chonse chinkawatchula kuti a Taliyana.

Ku Italy sanapondeko. Anzawo atapita ku Joni kukalowa pansi m'migodi, iwo anathera kukhitchini kwa Mtaliyana wina wa lesitilanti, kumene anatsuka mbale zaka khumi ndi chimodzi wayilesi ikulira pamwamba pa filiji. Anzawo anabwerera ndi mabulangete ndi chifuwa. Iwo anabwerera ndi sutikesi yodzaza makaseti, komanso chitsimikizo chakuti nyimbo zachikondi zomwe Ataliyana amamvera m'mabasi mwawo ndi luso loposa lililonse limene Mulungu anapatsa munthu. Chitaliyana chawo chinali cha kukhitchini, chokwana kupempha mchere ndi kumva akamatukwanidwa, koma zimenezo sizinawaletse kumasulira.

"Akuti chiyani ameneyo?" ankafunsa a Cosmas, oyandikana nawo ndime ya mpunga.

"Akuti mkazi wamuthawa."

"Nanga wadzulo uja?"

"Nayenso anamuthawa."

"Kodi ku Italy kulibe ankhoswe?"

"Vuto lanu a Cosmas mukumvera nkhani. Nkhani ndi ya kubwalo la milandu. Mverani apa, pamene akwere. Mwamva? Wafika padenga, sanagwe. Wakweranso. Alipo oimba ndi pakamwa, alipo oimba ndi mphuno ngati inu kukwaya kuja. Uyu akuimba ndi chiwindi."

"Ine ndikumva ngati wapsa ndi phala."

"N'chifukwa chake mpunga wanu ulibe fungo."

Akazi awo, a Sellina, anali atazolowera. Ankangoti anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi mnzawo amadya mabatire.

Amene sanazolowere ndi mwana wawo Dyton. Ali ku pulayimale anzake ankamulandira pachipata atagwira pachifuwa, akulira ngati ng'ombe yosowa thole. Anakula akulakalaka bambo wamba, womwa mowa kapena wa ndewu, chilichonse chomwe anthu amachidziwa dzina. Anaphunzira, anabwerera kumudzi, anasankhidwa kukhala mlembi wa komiti ya alimi a m'sikimu ya mpunga, ndipo anagula chikwama chokhala ndi zipi ziwiri. Akamva mzungu uja akubwera uku, iye amakumbukira kuti ali ndi chochita uko.

Ndiye linafika tsiku lachionetsero cha zaulimi, mu Epulo, mpunga utayamba kukhwima. Nthawi imeneyo chigwa chimakhala pankhondo ndi mpheta. Anthu amamanga zitini pa zingwe, amaponya zibuma, amakuwa kuyambira m'mawa mpaka mawu kuuma. Alendo anachokera ku boma pa magalimoto atatu kudzaona mpunga womwe ukanakwana kuuona munthu mmodzi wapansi. Patsogolo panali bwana wamkulu atavala majombo atsopano, akuponda mosamala kuti asade. Pambuyo pake panali alangizi, a Cedric, ndi kope. Dyton ndiye ankalondolera njira, ndipo anali atakonza bwino lomwe kuti gululo lisadutse pa ndime ya bambo ake. Koma bwana wamkulu anaima n'kutchera khutu.

"Kodi kumeneko kuli maliro?"

Anawapeza a Taliyana atakhala pa mzere wa ndime, wayilesi ili pa kampando kake pansi pa ambulera, eni ake ali padzuwa.

"Bambo, zimenezi ndi zotani?" anafunsa bwana.

A Taliyana anaimirira, anavula chipewa, anakonza kukhosi. Zaka makumi atatu anali akudikira kuti munthu wa taye adzawafunse funso limenelo. Dyton anaona mkono wa bambo ake ukukwera, ndipo anadziwa kuti chotsatira ndi chiwindi, pamaso pa magalimoto atatu.

"Ndi zoingitsira mbalame, bwana," anatero msangamsanga. "Mpheta zimaopa phokosolo. Zitini zinazolowera, koma izi ndi zachilendo."

Bwana anayang'ana alangizi. Alangizi anatsegula kope. Panalidi mbalame zochepa pa ndimepo, pa chifukwa chosavuta: anthu makumi awiri anali ataima pomwepo.

"Izi ndiye timafuna," anatero bwana. "Nzeru zochokera kwa mlimi mwini. Ndi zoona zimenezi, bambo?"

A Taliyana anatsitsa mkono. Anamuyang'ana Dyton pang'ono chabe, n'kuwerama kuzimitsa wayilesi nyimbo ili pakati, chinthu chimene munthu anali asanawaonepo akuchita.

"Mwana wanga wanena, bwana," anatero. "Iyeyu ndi wophunzira."

Anthu anaomba m'manja. Wina anajambula chithunzi.

Boma likagwira chinthu silisiya. Patatha milungu itatu kunatuluka lipoti lamasamba asanu ndi anayi lamutu wakuti "Njira Yamakono Yoingitsira Mbalame Pogwiritsa Ntchito Phokoso Lochokera Kunja." A Fyson Ngozo anatchulidwa kuti mlimi wachitsanzo. Alangizi anakawapatsa kope la lipotilo, ndipo akuti mkuluyo anawerenga mutu wokhawo, chala chili pa liwu limodzi.

"Phokoso," anatero. "Chabwino."

Kunabweranso anthu awiri ndi mafomu, oti awerenge mbalame zothawa pa nyimbo yofulumira ndi zothawa pa nyimbo yodekha. Fomuyo inali ndi danga la mbalame zokayikakayika. A Taliyana anawalandira mwaulemu, anawapatsa mipando, n'kuwauza kuti wayilesi yafa.

"Yafadi, amayi?" Dyton anafunsa pambali.

"Mabatire ndi atsopano," anayankha a Sellina. "Ndinagula ndekha, ine amene ndakhala ndikudana nawo. Sakuikhudza. Iwe unawatani bambo ako?"

Dyton ankadziwa chimene anawachita, ndipo ankadziwanso mankhwala ake. Kunali kupita, kukhala pansi, n'kunena kuti bambo ndinanama, ndinachita manyazi, ikani kaseti ndimve. Koma nkhaniyo anaiika pa "zina ndi zina," ndipo aliyense amene anakhalapo m'komiti akudziwa kuti "zina ndi zina" zimafika anthu atayamba kale kuimirira. Tsiku lina anafikadi mpaka pakhonde. Anawapeza bambo ake akusoka thumba la mpunga, wayilesi ili chete.

"Bambo, ndimati tikambirane."

"Khalani, alembi. Mbalame zili bwanji kwanuko?"

"Zachepako."

"Tithokoze."

Anakambirana za feteleza mpaka dzuwa linapendeka.

Njinga ija inkadutsabe m'mbali mwa ngalande, koma tsopano inkangomveka tcheni. Anthu omwe kale ankadandaula anayamba kudandaula mwa mtundu wina. A Cosmas anafika mpaka powanyoza dala, kuti mwina ayankhe. "Kodi mkazi uja anabwerera, n'chifukwa chake mzungu wanu watonthola?" A Taliyana anangoseka n'kupitirira.

Mu Seputembala anadwala chifuwa. Anapita nawo kuchipatala ku Sharpevale, ndipo tsiku lachitatu anatisiya. Dyton anali ku msonkhano wogawa madzi.

Pamaliro panadzaza. Atalankhula akubanja ndi akumpingo, woyendetsa mwambo anaitana alangizi, omwe anabwera ndi pepala lotayipa. Ananena kuti dziko lataya katswiri. Ananena kuti malemu anapirira zaka zambiri kumvera phokoso losamveka mutu wake, osati chifukwa cholikonda, koma pofuna kuteteza chakudya cha mtundu wathu. Apa azimayi ena omwe ankalira anasiya kaye kuti amve bwino. A Sellina anakweza mutu n'kuyang'ana mwana wawo.

Dyton anapatsidwa mpata wothokoza. Anaimirira mawu ali okonzeka, omwe aja anakanika pakhonde. Anaona alangizi akupinda pepala lawo mokhutira, anaona galimoto ya boma pansi pa mtengo, ndi anthu onse aja omwe anamusankha kukhala mlembi.

"Ife akubanja," anatero, "tikuthokoza boma pozindikira luso la bambo athu."

"Luso lake liti?" anafunsa a Cosmas chapansipansi, koma mokwanira kuti mzere wakutsogolo umve. Dyton anakhala pansi, ndipo kwaya inayamba.

Chaka chino mpunga utayambanso kukhwima, njira yamakono ija inafalikira. Mukayenda m'sikimu muona timasipika ta mafoni titapachikidwa pa nsungwi, tikulira nyimbo zamitundumitundu popanda wozimvera, mpheta zitatera pa nsungwi zomwezo. Phokoso lachuluka kuposa kale, koma palibe amene amakuimitsani panjira, kukugwirani mkono, n'kukulamulani kuti mudikire kaye mpaka munthu wina wa kutali amalize kulira. Anthu amafika msanga kumene akupita, ndipo akafika amasowa chonena.

Mmawa wina Dyton ankayendera ngalande ndi chikwama chake pamene anamva mawu osasa aja. Miyendo inafuna kukhota monga mwa chizolowezi, koma anailetsa. Anapeza a Cosmas atakhala pa ndime yawo, wayilesi ya malemu ili pamiyendo. A Sellina anali atawapatsa pamodzi ndi sutikesi yonse. Atamuona Dyton, a Cosmas anapukuta kumaso ndi chipewa.

"Ndikuingitsa mbalame," anatero mofulumira.

Mpheta zinali pomwepo, gulu lonse, zikudya mosatekeseka. Dyton anaziyang'ana, anayang'ana a Cosmas, ndipo anaika chikwama pansi, pamatope.

"Zikuthawa?"

"Sizikuthawa."

"Sizinathawepo, a Cosmas. Ndinangopeka ine."

"Tonse timadziwa, mwanawe. Amene sankadziwa ndi boma."

Anakhala pansi. Mzungu uja anakwera, anafika pamene ankafuna, ndipo nyimbo inatha. Dyton anali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri, ndipo aka kanali koyamba kumva imodzi mpaka kumapeto. A Cosmas anatambasula chala kuti azimitse.

"Bwezeraniko," anatero Dyton. "Poyambira paja sindinalipo."